Bulu wa Khola la Kuseri

Padangokhala, m'masiku amene ziweto zinkapatsana maudindo ngati anthu a m'maofesi, paki ina kunja kwa mzinda. Loweruka lililonse mabanja a m'tauni ankapita kumeneko ndi mikeka ndi madengu a zakudya, kuti ana awo, amene ankadziwa nkhuku ya m'mbale yokha, akaone ziweto zamoyo ndi kuyenda m'tinjira ta m'pakimo. Pachipata mwana aliyense ankapatsidwa madeya odzaza chikhatho kuti adyetse chiweto chimene wachikonda.

Nkhukutembo ndiye adali kapitawo, ndipo ankayenda atatambasula mchira ngakhale popita kukamwa madzi. Tonde adali mkulu wa mbuzi. Hachi, amene adali atangofika kumene, adali wonyamula ana. Tsono kuseri kwa makhola onse, kumene alendo sankafikako, kudali Bulu.

Bulu adanyamula ana m'pakimo zaka makumi awiri, ndipo padalibe kanjira kamene sadapondemo. Tsiku limene Hachi adafika, anthu adamuvula Bulu chishalo, adamutsogolera kuseri, namanga chitseko ndi chingwe. Padalibe womuthokoza. Padalibe ngakhale womuuza kuti ntchito yatha. Adangoona chishalo chake chikudutsa pamsana pa wina. Njira yaitali imene ankayendamo idasiyidwa, chifukwa Hachi ankangozungulira yaifupi ya pafupi ndi chipata kuti ziboda zake zisade. Kuyambira pamenepo mtima wa Bulu udawawa, ndipo aliyense womupatsa moni ankayankhidwa ngati watukwana.

Mmodzi yekha ndiye sankatopa naye, ndipo ameneyo adali Nkhanga. Iyeyu adalibe khola, adalibe udindo, ndipo kapitawo ankamutcha woyendayenda. Ankamuitana Bulu kuti asuweni, ponena kuti onse awiri ngotuwa, choncho makolo awo ayenera kuti adali pachibale. Ndipo poti msuweni saletsedwa kunyoza, ankamunyoza tsiku ndi tsiku.

Lolemba lina Nkhukutembo adafika pa khola la kuseri.

"A Bulu, ndabwera ndi mawu a a Chimkono," adatero. A Chimkono adali munthu woyang'anira pakiyo. "Ndawamva ndi makutu anga akuuza wosesa. Akuti mukungotha msipu. Mwezi uno watsala ndi masiku atatu a Loweruka. Akatha popanda mwana wokudyetsani m'manja, lole ibwera kudzakutengani, mukakoke ngolo za njerwa."

"Mwana afika bwanji kuno kuseri, kumene mudandiika nokha?" adafunsa Bulu.

"Zimenezo si za ofesi yanga," adayankha Nkhukutembo, natembenuka.

Nkhanga adali atatera pampanda ndipo adamva zonse.

"Asuweni, njerwa! Ndi mawondo anuwo, ogwedera ngati benchi lakale la kutchalitchi?"

"Ndipita ndithu. Njerwa sizilira, sizikoka makutu, sizikodzera munthu pamsana."

"Bodza limenelo. Mukufuna kukhala."

"Sindipempha munthu ine."

"Ndikudziwa. Mupumule, zopemphazo ndisiyireni."

Bulu adaweramira msipu wake. Adali atawaonapo abulu a ngolo akudutsa pamsewu, makosi ali zilonda zokhazokha, ndipo ankadziwa kuti miyendo yake singathe mwezi umodzi pa ntchito imeneyo. Mantha adali nawo, koma adawameza pamodzi ndi msipu.

Loweruka loyamba Nkhanga adadzizula nthenga za kumchira, zamawanga okongola zija, naziika imodziimodzi kuchokera pamene mabanja ankayala mikeka mpaka kukafika pa khola la kuseri. Poziika ankaimba nyimbo yake. Idali nyimbo yonyengerera mapazi a ana, yowauza kuti kuseri kuli mkulu amene aiwalidwa. Iye akatsiriza mzere, abakha a padziwe ankavomera pouza timiyendoto kuti tifulumire. Anthu ankangomva phokoso la mbalame, koma ziweto zonse zinkamva mawu ake.

Ana asanu ndi awiri adatola nthengazo, wina akulanda mnzake, mpaka adatulukira pa khola la Bulu. Iye atamva timapazi tikuyandikira, mtima wake udadumpha ngati wa mwana wa bulu. Koma adakumbukira chishalo chija, ndipo mkwiyo wake udabwerera. Adatembenuka, nayang'ana kukhoma. Ana adafika ndi madeya m'manja napeza mchira.

"Bulu uyu alibe nkhope," adatero mmodzi.

Adadikira pang'ono, adamuitana ndi timilomo, kenako adatopa napita kukadyetsa mbira.

Madzulo alendo atachoka, Nkhanga adabwera, kumbuyo kuli mbee.

"Tandionani, asuweni. Ndavula chifukwa cha inu, mphepo ikundilowa, ndiye inu mukaonetse ana matako?"

"Sindinakutumeni."

"Anabwera ndi madeya!"

"Anabwerera nthenga zanu. Ine sindidya zotsala za mbalame."

"Mukadya zikwapu ndiye," adatero Nkhanga, nauluka mokhotakhota poti mchira udalibe.

Loweruka lachiwiri Nkhanga adadikira nthawi ya chakudya. Ankadziwa kuti anthu akamakhala pamkeka amavula nsapato n'kuzindandika m'mbali. Adasankha kansapato kofiira ka pulasitiki, adakaluma, nathawa nako pang'onopang'ono kuti mwini wake aone. Nyimbo ija sakadatha kuimba kukamwa kuli kodzaza, choncho abakha adaimba okha mbali zonse ziwiri, woyambitsa ndi wovomera, ndipo adasokoneza ndithu. Kamtsikana kadalira, mayi ake adanyamuka, onse awiri nathamangira mbalameyo. Nkhanga adafika kuseri, adaponya kansapato m'chodyeramo cha Bulu, nakwera pampanda.

"Ndi awo akubwerawo," adanong'ona. "Inu ingokanyamulani ndi milomo, muwapatse mwaulemu. Mwanayo madeya ali nawo."

Bulu adayang'ana kansapatoko ngati ndi njoka.

"Mwaba?"

"Ndabwereka."

"Zaka makumi awiri ndagwira ntchito muno, palibe amene adatayapo ngakhale batani ali pamsana panga. Lero m'khola langa mupezeke chinthu chakuba?"

Adakagwetsa pansi, nakamenya ndi chiboda. Kansapato kadauluka, kadadutsa pamwamba pa mutu wa mayi uja, nakagwera m'matope a nkhumba.

"Mayo! Bulu wolusa uyu! Tiye, mwanangu, angakuponde," adakuwa mayiyo, nakoka mwana wake. Popita adakadandaula kwa a Chimkono, ndipo a Chimkono adapukusa mutu.

Tsiku limenelo Nkhanga sadaseke.

"Ndatopa nanu, asuweni. Ana alibe vuto, akuluakulu alibe vuto. Pitani kunjerwa, mukazilalikire za ulemu wanu."

Adapita, ndipo sabata yonseyo sadabwere. Bulu ankaima m'khola mwake kumvetsera mapiko. Lachiwiri adadziuza kuti wapuma ku phokoso. Lachinayi adapezeka akukonza mumtima mawu opepesa, koma mawuwo ankatuluka onse ngati chidzudzulo, ndipo adawasiya. Mtima wonyada umachedwa kuphunzira, ndipo ukamaphunzira umapeza m'kalasi mwatsala wokha. Lachisanu adamva a Chimkono akuuza wosesa kuti lole ifika Lolemba m'mawa.

Tsono zimene Bulu sadadziwe ndi izi. Nkhanga sadakwiye kwenikweni. Adangoona kuti masabata awiri onse adakhala akupusitsa alendo, pamene woyenera kupusitsidwa adali m'khola momwemo.

Loweruka lachitatu adayambira kwa kapitawo.

"Akapitawo, kuchipata kuli banja likujambula zithunzi. Akufunsa ngati m'paki muno muli mbalame ya mchira woyenera chithunzi. Ndawauza kuti mwina mulibe."

"Mulibe? Iwe, woyendayenda iwe!" Nkhukutembo adathamangira kuchipata, ndipo sadaonekenso kuseri tsiku lonse.

Kenako Nkhanga adapita kwa Tonde.

"Atonde, pepani, sindimakonda miseche. Koma nkhosa zikuti mano anu adatha. Zikuti ngakhale chingwe cha pa khola la asuweni simungachidule."

"Nkhosa ziti?"

"Zonse. Zina zikuseka mpaka kugona pansi."

Tonde adapita, adatafuna chingwecho mpaka kudatsala kaulusi kamodzi, nabwerera kukafuna nkhosa. Bulu sadaone kanthu, chifukwa monga mwa masiku onse adali atayang'ana kukhoma.

Dzuwa lili pamutu Nkhanga adasankha anthu ake. Adali bambo wina wa m'tauni, wovala nsapato zatsopano zothina, akuyenda ndi mwana wake Ndaziona, kamtsikana ka zaka zisanu. Mayi wa banjalo adatsala pamkeka akuyamwitsa khanda. Nkhanga adagwetsa phiko limodzi, nayamba kutsimphina patsogolo pa mwanayo. Nyimbo yake ankaiimbira m'khosi, motsitsa, ndipo adali atawachenjeza abakha kuti ulendo uno avomere ndi mitu yokha, kuopa kuti Bulu angamve.

"Adadi, mbalame yavulala! Tiigwire!"

Ndaziona akatambasula dzanja, Nkhanga ankasuntha pang'ono. Akatopa, Nkhanga ankagwa chagada. Bambo ankatsatira akuseka, osaona kuti achoka m'njira ya Hachi n'kulowa m'njira yaitali. Adadutsa mphambano yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Pamenepo phiko lija lidachira mwadzidzidzi, ndipo Nkhanga adauluka.

Adatera pa khola la kuseri akupuma wefuwefu.

"Asuweni! Mwana wasochera ku njira yaitali, iye ndi bambo ake! A Hachi akuti apita, koma njira saidziwa. Tandiuzani msanga ndikawauze."

Bulu adatembenuka, koyamba sabata imeneyo.

"Ali pati?"

"Kupitirira mphambano yachitatu."

"Mvetserani bwino. Pa mphambano yoyamba apite kumanzere. Pa yachiwiri, kumanja. Pa yachitatu asakhote, angolunjika."

"Ndamva. Yoyamba kumanja..."

"Kumanzere!"

"Eya, kumanzere. Yachiwiri kumanzerenso, yachitatu abwerere."

"Abwerere kuti? Ndati angolunjika! Kumanja ndi pa yachiwiri!"

"Pepani, asuweni, mutu wanga mukuuona kuchepa kwake. Ndiye kuti mphambanozo ndi zinayi?"

"Zitatu!"

"Nanga yachinayiyo apite kuti?"

Bulu adaponda pansi mpaka fumbi lidabuka.

"Mwana akulira kutchire, inu mukuwerenga mphambano zimene kulibe! Ndipo Hachiyo akangoona thope abwerera. Chokani pamenepo, ndipita ndekha!"

"Nanga chitseko?"

Bulu adachikankha ndi chifuwa, ndipo kaulusi kaja kadaduka phwa. Iye adadabwa, naganiza kuti mphamvu za unyamata zamubwerera. Adatuluka mutu uli m'mwamba.

Mawondo adayamba kudandaula asanafike pa mphambano yoyamba, koma ziboda zinkaidziwa njirayo zokha. Adawapeza anthu aja. Bambo adali atakhala pansi, nsapato zili m'manja, zidendene zili matuza. Adali atayesa njira ziwiri, zonse zidamubwezera pamalo omwewo, ndipo foni yake idali itazima. Ndaziona ankalira, chikhatho chimodzi atachifumbata.

Bamboyo adadzutsa mutu, adayang'ana, nayimirira pang'onopang'ono.

"Aa! Bulu uja! Ukadali moyo, mkulu?" Adatembenukira kwa mwana wake. "Ndaziona, leka kulira, taona. Uyu ndinamukwera ndili wamng'ono ngati iwe. Agogo ako ankandibweretsa kuno. Ukuona khutu long'ambikalo? Ndinkaligwira ndikamaopa kugwa, ndipo sanandigwetsepo."

Bulu adamuyang'ana munthuyo, nafufuza m'mutu mwake. Adapezamo zidendene zomenya m'nthiti, adapezamo olemera ndi opepuka, olira ndi oimba, koma nkhope sadaipeze ndi imodzi yomwe. Zaka makumi awiri adawanyamula ngati matumba, akuwerengera mapazi otsala kuti akawatsitse, ndipo sadakhotetsepo khosi kuti aone amene wamukwera. Munthu uyu adasunga khutu lake long'ambika mumtima mpaka kukula, pamene iye sadasunge kanthu. Adali atakwiyira anthu kuti amuiwala, chikhalirecho woiwala adali iye mwini. Manyazi amenewo adamulemera kuposa katundu aliyense amene adasenzapo.

Adaweramitsa msana. Bambo adanyamula mwana namukhazika, popanda chishalo, popanda chingwe. Bulu asananyamule phazi adakhotetsa khosi, nayang'ana. Adaona kankhope kozungulira, misozi italemba mizere iwiri m'fumbi la m'masaya, dzino limodzi lakutsogolo litaguluka. Mwanayo adasiya kulira.

"Adadi, akundiyang'ana."

"Mupatse moni ndiye."

"Muli bwanji, a Bulu?"

Adauyamba ulendo wobwerera, Bulu patsogolo, bambo pambuyo akutsimphina wopanda nsapato. Pa mphambano yachiwiri bamboyo adayamba kuseka.

"Koma nkhanga ija ndi tambwali! Inkatsimphina ngati ikufa, tafika kuno n'kuuluka pyuu! Mbalame imeneyo yatisocheretsa dala, ndikukuuza."

Makutu a Bulu adaimirira. Adakumbukira mphambano yachinayi imene kulibe, adakumbukira chingwe chimene chidaduka mosavuta, ndipo magazi adamuwira. Akadakhala yekha akadabwerera kukhola lake n'kudzitsekera. Koma timanja tiwiri tidali titagwira ubweya wa pakhosi pake, ndipo adapitiriza kuyenda, mosamala, akuzemba mabampu kuti mwana asagwedezeke.

Kuchipata kudali chipwirikiti. Mayi a Ndaziona ankaitana dzina la mwana wawo, khanda lili kumbuyo. A Chimkono adali atatuma wosesa uku ndi uku. Hachi adali atapita mpaka pa mphambano yoyamba, nabwerera poti sadadziwe kolowera. Kenako wina adaloza ndi chala, ndipo anthu onse adatembenuka. Abakha, amene adali atadziletsa tsiku lonse, adaiphulitsa nyimbo ija ndi makosi onse, ndipo Nkhanga adaiyambitsa ali pamwamba pa chipata.

Mayi adathamanga, adatsitsa mwana, adamupsompsona, adamukalipira, nakalipiranso bambo wake. Ndaziona adadziwombola m'manja mwawo nabwerera kwa Bulu. Adatambasula chikhatho chimene adachifumbata ulendo wonse. Madeya aja adali atanyowa ndi thukuta, atasanduka kambulu kakang'ono kotuwa. Bulu adatsitsa mutu, nakatola ndi milomo mofatsa kuti mano asakhudze zala. Kadali ka mchere, ndipo sadadyepo chinthu chokoma chotero.

"Inenso! Inenso!" adakuwa ana ena, nandandana.

A Chimkono adaima akukanda m'mutu.

"Bulu ameneyu watuluka bwanji?" adafunsa.

"Mmene watulukira musafunse, bwana," adatero bambo a Ndaziona. "Pakadapanda iyeyu bwenzi tikadali komweko. Mumamubisiranji kuseri? Ife amene tidamukwera tilipo ambiri, ndipo ana athu ndi awa."

A Chimkono adayang'ana mzere wa ana, adayang'ana Bulu, kenako adaitana wosesa.

"Ukawauze a lole aja asavutike. Khola lake likhale ili la pafupi ndi chipata. Njira yaitali ija tiilambulenso. Hachi azinyamula akuluakulu kufupi kuno, uyu aziyenda ndi ang'onoang'ono."

Nkhukutembo adazungulira makhola onse kulengeza nkhaniyi, ndipo pofika ku khola la nkhumba idali itasanduka nzeru ya ofesi yake.

Alendo atanyamula mikeka yawo, Nkhanga adatera pampanda wa khola latsopano, patali pang'ono ndi ziboda.

"Mwaswera bwanji, asuweni?"

"Phiko lija lili bwanji?" adafunsa Bulu.

"Phiko liti?"

"Lothyoka lija."

"Aa, limenelo. Lachira, zikomo pofunsa."

"Mudasocheretsa mwana wa eni. Ndamvanso kuti mudanamiza kapitawo. Ndipo chingwe chija ndikukhulupirira kuti sichinaduke ndi mphamvu zanga."

"Chinaduka ndi mphamvu zanu ndithu. Atonde anangoyambako."

"Ndiyenera kukanena zimenezi kwa a Nkhukutembo."

"Pitani. Akadali pafupi. Mukawauze kuti andithamangitse m'paki muno, inunso akuitanireni lole, mukafotokozere njerwa kuti ndinu bulu wachilungamo."

Bulu sadapite. Mawondo ankamupweteka, msana unkamuwotcha, ndipo pamilomo pake padali padakali madeya a ana khumi ndi anayi, amene nkhope zawo ankatha kuzitchula imodziimodzi. Adafuna kunena zikomo. Mawuwo adakwera mpaka pakhosi, adazungulirazungulira, koma poti sadazolowere njira imeneyo, adatuluka atavala zina.

"Zimene mwachitazi n'zoipa kwambiri," adatero.

"Ndavomera."

"Musadzabwerezenso."

"Sindidzabwereza."

Nkhanga adatambasula mapiko kuti azipita. Bulu adatsokomola.

"Asuweni."

Nkhanga adatsala pang'ono kugwa pampanda, pakuti Bulu adali asanamuitanepo chotero.

"Ngati zitachitika kuti mwaiwala lonjezo lanu," adapitiriza Bulu, akuyang'ana kumbali, "musapitirire nawo mphambano yachiwiri. Ndipo musankhe mwana wopepukirapo. Mawondo anga si akale."

Nthano yanga yatulukira pachipata. Wotsalira m'mbuyo atseke.